Mankhwala Ochepetsa Kunenepa Kwambiri: Mafunso ndi Mayankho kwa Anamwino

Zaka zingapo zapitazo wodwala ankabwera ndi maondo opweteka kapena BP yokwera, ife n'kumuuza kuti "muchepetseko thupi", iye n'kuvomera ndi mutu, nkhani n'kuthera pomwepo. Masiku ano ambiri amabwera atamva kale mayina a majakisoni ochepetsa thupi, ndipo amafunsa namwino asanaonane n'komwe ndi dokotala. Kulemba mankhwala kumatenga mphindi zochepa. Koma amene amamva za nseru ya sabata yachitatu, amene amaonetsa pobaya, amene amazindikira kuti wodwala uja wasiya kubwera, ndi namwino. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene anamwino anzanga komanso odwala amandifunsa kawirikawiri. Pa nkhani ya mlingo, tsatirani chikalata cha mankhwalawo ndi malamulo a chipatala chanu.

Kodi kunenepa kwambiri ndi matenda enieni, kapena ndi kulephera kudziletsa pa chakudya?

Ndi matenda, ndipo ndi okhalitsa ngati BP kapena shuga. Ndayamba ndi funsoli dala, chifukwa namwino amene mumtima mwake amati "anthuwa ndi adyera basi" sangathandize wodwala bwino, ngakhale ataloweza mlingo wa mankhwala onse.

Thupi lili ndi njira zake zolondera kulemera kwake. Mu 1994 Jeffrey Friedman ndi anzake ku Rockefeller University anatulukira leptin, homoni imene mafuta a m'thupi amatulutsa pouza ubongo kuti m'nkhokwe mwatsala zochuluka bwanji. Mu 1999 asayansi a ku Japan anatulukira ghrelin, homoni ya m'mimba yodzutsa njala. Munthu akachepa thupi, leptin imatsika, ghrelin imakwera, ndipo thupi limayamba kuumira mphamvu zake ngati kuti kwagwa chilala. Njala imene munthu wotere amamva si yongoganizira ayi, ndipo imatha kukhalapobe patapita chaka chathunthu. N'chifukwa chake ambiri amene achepa thupi podzimana chakudya amabwerera pomwe anali, ena mpaka kupitirirapo.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena kuti mu 2022 munthu mmodzi pa anthu 8 alionse anali wonenepa kwambiri, ndipo akuluakulu okhaokha anali pafupifupi 890 miliyoni. Bungwe la madokotala la American Medical Association linavomereza mu 2013 kuti awa ndi matenda. Khamu lonseli silingakhale kuti linangotaya khalidwe nthawi imodzi.

Ndimakumbukira mayi wina amene asanakwere pasikelo anavula nsapato, juzi, wotchi, mpaka ndolo, kenako n'kupepesa kwa ine nambala isanaoneke n'komwe. Anali atalimbana ndi thupi lake kwa zaka zoposa 10. Ulesi panalibepo pamenepo.

Ndani woyenera kupatsidwa mankhwalawa?

Muyezo umene umagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi BMI. Mumatenga kulemera kwa munthu m'makilogalamu n'kugawa ndi kutalika kwake m'mamita, kutalikako mutakuchulukitsa ndi iko komwe. Munthu wolemera makilogalamu 95 wotalika mamita 1.70 ali ndi BMI pafupifupi 33. Mankhwala amaganiziridwa BMI ikafika 30, kapena ikafika 27 pomwe munthuyo ali ndi vuto lina lobwera ndi kunenepa, monga BP, shuga wa mtundu wachiwiri, mafuta ochuluka m'magazi, kapena kubanika ali m'tulo.

BMI ili ndi pofooka pake. Siisiyanitsa mafuta ndi minofu, komanso siinena pomwe mafutawo akhala. Mafuta a pamimba ndiwo oopsa kwambiri ku mtima ndi shuga, choncho tepi yoyezera m'chiuno isamasowe m'thumba mwanu. Lamulo losavuta kukumbukira n'lakuti m'chiuno musapitirire theka la kutalika kwa munthuyo. Anthu ochokera ku Asia amayamba kudwala shuga pa BMI yotsikirapo, motero kwa iwo malire amatsitsidwa.

Wofuna kuchotsa makilogalamu atatu kuti chovala chimukwane, mankhwalawa si ake.

Ndifufuze chiyani wodwala asanayambe?

Yambani ndi thumba la mankhwala amene akumwa kale. Mankhwala ambiri amanenepetsa: olanzapine, clozapine, sodium valproate, mirtazapine, prednisolone, insulini, glibenclamide, ndiponso ma ARV ena monga dolutegravir. Musamuuze wodwala kuti asiye, chifukwa ena mwa mankhwalawa ndi amene akumusunga ndi moyo. Dziwitsani dokotala kuti aone ngati pali cholowa m'malo mwake.

Kenako funsani mafunso amene amasankha mankhwala. Kodi ali ndi pakati, akufuna kutenga pakati, kapena akuyamwitsa? Kodi m'banja mwawo alipo anadwala khansa ya chithokomiro? Iye mwini anatupapo kapamba, kapena anakhalapo ndi timiyala mu ndulu? Amagwa khunyu? Amamwa mankhwala amphamvu opha ululu monga morphine, codeine kapena tramadol? Mowa amamwa wochuluka bwanji?

Pali funso lina limene ambiri timalilumpha chifukwa limachititsa manyazi, la kadyedwe kosokonekera. Alipo anthu amene amadya mosadziletsa mobisa kenako n'kudzisanzitsa, kapena kumwa mankhwala otsegula m'mimba. Funsani mofatsa, chitseko chili chotseka. Funsaninso za maganizo: kukhumudwa kosatha, kapena ngati anaganizapo zodzipha.

Lembani poyambira: kulemera, m'chiuno, BP, kugunda kwa mtima, shuga wa m'magazi kapena HbA1c (muyezo woonetsa mmene shuga wakhalira pa miyezi ingapo yapitayo), ndi mmene impso zikugwirira ntchito. Pa BP samalani ndi lamba wa pamkono. Lamba wamng'ono pamkono waukulu amaonetsa BP yokwera kuposa yeniyeni, ndipo munthu akhoza kuyambitsidwa mankhwala amene sakufunikira chifukwa cha lamba chabe.

Kodi mankhwala amene alipo ndi ati?

Akumwa alipo angapo. Orlistat anavomerezedwa ku America mu 1999. Amagwira ntchito m'matumbo mokhamokha, kutsekereza pafupifupi 30 peresenti ya mafuta a m'chakudya kuti asalowe m'thupi. Phentermine ndi wakale kwambiri, wa 1959, amachepetsa njala kudzera mu ubongo ndipo anavomerezedwa kuti azimwedwa kwa masabata ochepa okha. Amathamangitsa mtima, amasowetsa tulo, ndipo sayenera munthu wa matenda a mtima kapena BP yosatsika. Mu 2012 kunabwera piritsi lophatikiza phentermine ndi topiramate, lomwe limachepetsa thupi kuposa mapiritsi enawa, koma limabweretsa dzanzi m'zala, limasintha kakomedwe ka chakudya, ndipo limatha kuyambitsa timiyala mu impso. Si mayiko onse amene amaliloleza.

Naltrexone yophatikiza ndi bupropion inabwera mu 2014. Imathandiza makamaka anthu amene vuto lawo ndi chilakolako, amene amadya asakumva njala. Koma ili ndi zoletsa zambiri: wa khunyu, wa BP yosatsika, wodzisanzitsa akadya, ndi aliyense amene akumwa morphine kapena mankhwala a gulu lomwelo. Naltrexone imatseka njira imene mankhwala opha ululuwo amadzera, ndipo kwa amene thupi linawazolowera imatha kumudwalitsa mwadzidzidzi.

Obaya ndi liraglutide wa tsiku lililonse, wovomerezedwa pa kunenepa mu 2014, semaglutide wa kamodzi pa sabata, mu 2021, ndi tirzepatide, nayenso wa kamodzi pa sabata, mu 2023. Palinso setmelanotide, koma uyu ndi wa anthu ochepa amene kunenepa kwawo kunachokera ku vuto lodziwika la chibadwa.

Majakisoni amene atchukawa amagwira ntchito bwanji, ndipo amachepetsa thupi mpaka pati?

Munthu akadya, matumbo amatulutsa homoni yotchedwa GLP-1. Imauza kapamba kuti atulutse insulini shuga akakwera, imachedwetsa chakudya kuchoka m'mimba, ndipo imauza ubongo kuti wakhuta. Yachilengedwe imatha mphamvu pa mphindi zochepa chabe. Mu 1992 dokotala wina wa ku New York, John Eng, anapeza mankhwala ofanana nayo koma okhalitsa m'malovu a buluzi wa ululu wotchedwa Gila monster. Kumeneko n'komwe kunachokera exenatide, mankhwala a shuga amene anatuluka mu 2005. Madokotala ataona kuti odwala shuga amene akubaya mankhwala a gulu limeneli akuchepanso thupi, njira inatseguka. Liraglutide ndi semaglutide amatsanzira GLP-1 yokha, pomwe tirzepatide amatsanzira GLP-1 pamodzi ndi homoni ina ya m'matumbo yotchedwa GIP.

Pa kafukufuku wa STEP 1, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2021, anthu obaya semaglutide anachepa ndi 14.9 peresenti pa masabata 68, pomwe obaya jakisoni wopanda mankhwala anachepa ndi 2.4 peresenti. Pa kafukufuku wa SURMOUNT-1, mu 2022, obaya mlingo waukulu wa tirzepatide anachepa ndi 20.9 peresenti pa masabata 72. Liraglutide amachepetsa pafupifupi 8 peresenti pa chaka. Kwa munthu wa makilogalamu 110, kuchepa ndi 15 peresenti ndi makilogalamu 16 ndi theka.

Manambalawa ndi apakatikati. Ena amachepa kuposa pamenepo, ena sasuntha n'komwe, ndipo odwala shuga kawirikawiri amachepa pang'ono poyerekeza ndi amene alibe shuga. Musalonjeze nambala.

Kwa ine chofunika kwambiri ndi kafukufuku wa SELECT wa mu 2023. Anatenga anthu 17,604 onenepa amene anali kale ndi matenda a mtima koma opanda shuga, ndipo semaglutide anachepetsa ndi 20 peresenti chiopsezo cha sitiroko, mtima kutsekeka mitsempha, kapena imfa yochokera ku mtima. Pamenepa nkhani inachoka pa maonekedwe n'kufika pa moyo weniweni.

Odwala nawo ali ndi kafotokozedwe kawo. Bambo wina anandiuza kuti, "Asisita, m'mutu mwanga mwati zii. Kale ndikamadya m'mawa ndinkaganiza kale za chamasana." Aka kanali koyamba kuti asiye chakudya m'mbale osamva ngati akudzilanga.

Ozempic ndi Wegovy ndi chinthu chimodzi? Nanga Mounjaro ndi Zepbound?

Ozempic ndi Wegovy onse ndi semaglutide wa kampani ya Novo Nordisk. Ozempic anapangidwira shuga, Wegovy kunenepa, ndipo mlingo wake ndi zobayira zake zimasiyana. Mounjaro ndi Zepbound onse ndi tirzepatide wa Eli Lilly, ndipo m'mayiko ambiri dzina la Mounjaro limagwira ntchito zonse ziwiri. Funsani wodwala dzina la chilichonse chimene amabaya, chifukwa alipo amene amabaya Ozempic wa shuga n'kukagulanso Wegovy kwina, osadziwa kuti akubaya mankhwala amodzi kawiri.

N'chifukwa chiyani mlingo umakwezedwa pang'onopang'ono chonchi?

Kuti m'mimba muzolowere. Semaglutide wochepetsa thupi amayambira pa 0.25 mg pa sabata, ndipo pakatha masabata 4 alionse amakwera kufika 0.5, kenako 1, kenako 1.7, mpaka 2.4 mg. Tirzepatide amayambira pa 2.5 mg kwa masabata 4, n'kumakwera ndi 2.5 mg, osapitirira 15 mg. Liraglutide amayambira pa 0.6 mg pa tsiku, kukwera sabata iliyonse mpaka 3 mg.

Odwala ena amaona ngati tikuwachedwetsa. Mtsikana wina amene ndinkamuyang'anira anaona kuti pa sabata ziwiri zoyamba sikelo sinasunthe, ndiye anadzibaya kawiri tsiku limodzi. Anabwera patapita masiku atatu milomo itauma, maso atalowa, akusanza ngakhale madzi, ndipo anagona pa diripi. Atachira anakana kumvanso za jakisoniyo. Mankhwala amene akanamuthandiza anamutayika chifukwa sindinamufotokozere mokwanira kuti mlingo woyamba ntchito yake ndi kuzoloweretsa thupi. Kuyambira pamenepo ndimanena tsiku loyamba lomwelo kuti mwezi uno musayembekezere zambiri pasikelo, kuthamanga sikufika.

Ngati nseru yakula, dokotala akhoza kumusiya wodwala pa mlingo womwewo mwezi wina, kapena kumubweza pa wam'munsi. Si aliyense ayenera kufika pa mlingo waukulu.

Ndimuphunzitse bwanji kudzibaya?

Jakisoniyu amalowa pansi pa khungu: pamimba motalikirako ndi mchombo, kutsogolo kwa ntchafu, kapena kumtunda kwa mkono. Azisintha malo nthawi iliyonse. Zobayira zina n'zogwiritsa ntchito kamodzi, zina zimakhala ndi milingo ingapo ndipo zimafuna singano yatsopano pobaya paliponse. Akakanikiza adikire masekondi amene chikalata chanena asanazule, apo ayi mankhwala amatsikira pakhungu.

Musakhutire ndi "ndamva, asisita". Mupatseni chobayiracho m'manja achite yekha inu mukuona. Manja amene amanjenjemera pamaso panu ndi omwewo adzabaye kunyumba.

Chobayira chosatsegula chisungidwe mufiriji pa madigiri 2 mpaka 8, ndipo chikaundana chitayidwe. Asabwerekane chobayira ndi wina aliyense ngakhale atasintha singano. Akaiwala tirzepatide akhoza kubaya pasanathe masiku 4, kupitirira apo adikire tsiku lake. Liraglutide akadumpha masiku oposa 3 amayambiranso pa 0.6 mg. Pa semaglutide werengani chikalata cha mtundu umene ali nawo. Pa onsewa, asabaye milingo iwiri pofuna kubweza woiwalika.

Akudandaula nseru, kudzimbidwa ndi kugeya. Asiye?

Nthawi zambiri ayi. Nseru, kusanza, kutsegula m'mimba, kudzimbidwa ndi chilungulira ndi zofala kwambiri, zimakula mlingo ukangokwezedwa ndipo zimazilala pakapita masabata. Apa ndi pomwe namwino amapulumutsa chithandizo chonse, chifukwa ambiri amene amasiya amasiyira pamenepa.

Chakudya chikukhalitsa m'mimba, choncho mbale imene ankamaliza kale tsopano yakula. Adye pang'ono, mosathamanga, ndipo akangomva kukhuta aleke ngakhale chatsala. Zamafuta ambiri ndi zokazinga zimakulitsa nseru. Asagone atangodya. Madzi azimwa pang'onopang'ono tsiku lonse, chifukwa ludzu nalo limachepa ndipo munthu amatha kuuma osadziwa. Wodzimbidwa awonjezere masamba, zipatso ndi kuyenda.

Ndi zizindikiro ziti zimene siziyenera kudikira tsiku la kiliniki?

Ululu waukulu wa pamwamba pa mimba wosaleka, makamaka wopyoza mpaka kumsana, ndi kusanza kapena popanda kusanza. Kumeneko kungakhale kutupa kwa kapamba. Asiye jakisoni ndipo aonedwe tsiku lomwelo. Ululu wa kumanja pansi pa nthiti, kutentha thupi, kapena maso achikasu zimaloza ku ndulu, popeza kuchepa thupi mofulumira kumabweretsa timiyala. Kusanza kapena kutsegula m'mimba mpaka mkodzo kuchepa kumaika impso pangozi, makamaka kwa okalamba ndi amene akumwa mapiritsi okodzetsa. Kutupa nkhope kapena lilime ndi kubanika n'zofunika thandizo la msangamsanga. Chotupa pakhosi, mawu osasa osatha ndi kuvutika kumeza zifufuzidwe. Majakisoniwa sapatsidwa kwa munthu amene iye kapena wachibale wake anadwala khansa ya chithokomiro ya mtundu wa medullary, kapena amene ali ndi matenda a chibadwa otchedwa MEN 2.

Wodwala shuga ali ndi zake ziwiri. Majakisoniwa paokha satsitsa shuga mopitirira kawirikawiri, koma akakumana ndi insulini kapena mapiritsi monga glibenclamide ndi gliclazide, shuga amatha kugwa. Mlingo wa mankhwala enawo umafunika kuunikidwanso, ndipo wodwala adziwe kunjenjemera, thukuta ndi chizungulire zikutanthauza chiyani. Chachiwiri ndi maso. Shuga akatsika mofulumira, vuto la maso limene linalipo kale limatha kukula, choncho ayezetse maso, ndipo kusaona bwino kwadzidzidzi asakugonere.

Pa naltrexone ndi bupropion yang'anirani BP ndi maganizo. Pa phentermine ndi topiramate, kupweteka kwa diso ndi kuona mwachimbuuzi mwadzidzidzi n'kofunika dokotala wa maso tsiku lomwelo, ndipo mlingo waukulu suyenera kusiyidwa kamodzin'kamodzi poopa kugwa khunyu.

Orlistat odwala ambiri amamuthawa. Vuto n'chiyani?

Mafuta amene sanalowe m'thupi amayenera kutulukira kwina. Chimbudzi chimakhala chamafuta, chimabwera mwadzidzidzi, ndipo nthawi zina mpweya umatuluka ndi mafuta n'kudetsa zovala. Wodwala amene sanachenjezedwe zikamuchitikira kuntchito sabweranso. Nenani mosabisa mawu, ndipo muuzeni kuti akachepetsa mafuta m'chakudya vutoli limachepanso.

Piritsi la 120 mg limamwedwa ndi chakudya, katatu pa tsiku. Akadumpha chakudya, kapena chakudyacho chikakhala chopanda mafuta, piritsi nalo alidumphe. Mavitamini A, D, E ndi K amalowa m'thupi ndi mafuta, choncho amwe piritsi la mavitamini pogona, patapita maola osachepera 2 atamwa orlistat. Orlistat amasokonezanso warfarin, levothyroxine, ciclosporin, mankhwala a khunyu ndi ma ARV. Amachepetsa thupi pang'ono poyerekeza ndi majakisoni, komabe ali ndi malo ake kwa munthu amene mankhwala okhudza ubongo kapena mtima sakumuyenera.

Nanga amayi a msinkhu wobereka?

Palibe ngakhale amodzi mwa mankhwalawa amene amaloledwa kwa woyembekezera, ndipo woyamwitsa akambirane kaye ndi dokotala. Topiramate amawonjezera chiopsezo chakuti mwana abadwe ndi mlomo kapena m'kamwa mong'ambika, n'chifukwa chake mayi amayezedwa pakati asanayambe komanso mwezi uliwonse. Semaglutide amakhalitsa m'thupi, motero asiyidwe miyezi 2 mayi asanayambe kufuna pakati. Tirzepatide amatha kufooketsa mapiritsi olera, choncho kwa masabata 4 atayamba, ndi masabata 4 mlingo ukakwezedwa, awonjezere kondomu kapena asinthe n'kutenga njira yosadzera pakamwa monga lupu.

Chimene ambiri sayembekezera n'chakuti kuchepa thupi kumabwezeretsa kubereka. Mayi amene msambo wake unali wosokonekera kwa zaka, amene anasiya kulera poganiza kuti sangatenge pakati, amadzidzimuka ali ndi mimba. Nkhani ya kulera ikambidwe tsiku loyamba.

Wodwala wobaya jakisoniyu akupita ku opaleshoni. Ndichite chiyani?

Uzani dokotala wogonetsa msanga, ndipo lembani dzina la mankhwala, mlingo ndi tsiku limene anabaya komaliza. Munthu akhoza kusala chakudya maola onse amene anauzidwa koma m'mimba muli chakudyabe, ndipo akagonetsedwa chikhoza kubwerera n'kulowa m'mapapo. Mu 2023 bungwe la American Society of Anesthesiologists linalangiza kusiya jakisoni wa pa sabata kwa sabata imodzi opaleshoni isanachitike. Mu 2024 mabungwe angapo anagwirizana kuti ambiri akhoza kupitiriza, pomwe amene ali pa chiopsezo chachikulu azimwa zamadzimadzi zokha kwa maola 24. Tsatirani lamulo la chipatala chanu. Funsani mwachindunji kuti, "Pali jakisoni wochepetsa thupi amene mumabaya?" Ambiri sawerengera ameneyu ngati mankhwala, makamaka akakhala kuti anagula okha.

Ndidziwa bwanji kuti mankhwala akugwira ntchito?

Muyezo wofala ndi wakuti munthu achepe ndi 5 peresenti pakatha miyezi pafupifupi 3 ali pa mlingo wokwanira. Zikapanda kutero, dokotala aone zosintha mankhwala. Amenewo ndi mankhwala amene sanamuyanje munthuyo, monga zimachitikira ndi a BP, ndipo mawu anu asamveke ngati mukumuimba mlandu.

Musapeputse 5 peresenti. Kuchepa ndi 5 mpaka 10 peresenti kumatsitsa BP ndi shuga kale. Funsaninso zimene sikelo siiona: akukwera masitepe osapumira panjira? Mkonono wachepa? Wayamba kumanga yekha zingwe za nsapato? BP ikamatsika, mapiritsi ake a BP akhoza kuyamba kumuchititsa chizungulire akaimirira, choncho muyezeni atakhala komanso ataima.

Akasiya mankhwala, thupi limabwerera?

Kwa ambiri, inde. Anthu a mu STEP 1 atatsatiridwa kwa chaka chimodzi atasiya semaglutide, anali atabwezera pafupifupi magawo awiri mwa atatu a kulemera kumene anataya, ndipo BP ndi shuga zinayambanso kubwerera mwakale. Palibe amene amadabwa BP ikakwera munthu atasiya mapiritsi ake, ndipo apanso ndi chimodzimodzi. Wodwala ayenera kudziwa zimenezi asanabaye jakisoni woyamba, pamodzi ndi funso lovuta lakuti adzatha kuwapeza mankhwalawa kwa nthawi yaitali bwanji. Ndi okwera mtengo, ndipo nthawi zina amasowa.

Pali chinanso chimene chimandidetsa nkhawa. Munthu akamachepa thupi amataya mafuta pamodzi ndi minofu, koma akamanenepanso zimene zimabwerera mofulumira ndi mafuta. Kwa wokalamba zimenezi zimatanthauza miyendo yofooka ndi kugwa. N'chifukwa chake chakudya cha mapuloteni okwanira ndi masewera olimbitsa minofu zimayendera limodzi ndi jakisoni. WHO imalangiza mphindi zosachepera 150 pa sabata za kuyenda ndawala kapena zofanana nazo, ndi masiku awiri olimbitsa minofu. Kwa amene maondo salola, kudzuka pampando n'kukhalanso kakhumi ndi poyambira pabwino. Ndipo kwa ena amene kunenepa kwafika patali, opaleshoni yochepetsa chifu ndi imene imathandiza kwa nthawi yaitali, choncho musaope kuitchula.

Kodi si mankhwala ngati omwewa amene anapweteka anthu kale?

Wofunsa chonchi ali ndi chifukwa. Fenfluramine ndi dexfenfluramine anachotsedwa pamsika mu 1997 atapezeka kuti akuwononga mavavu a mtima. Rimonabant anachotsedwa ku Ulaya mu 2008 chifukwa cha kukhumudwa ndi maganizo odzipha. Sibutramine anatsatira mu 2010 chifukwa cha sitiroko ndi matenda a mtima, lorcaserin mu 2020 chifukwa cha khansa. Mavuto ambiri otere anaonekera mankhwala atafika kale kwa anthu. Gulu la GLP-1 lagwiritsidwa ntchito pa shuga kuyambira 2005, zomwe zimalimbitsa mtima, komabe chachilendo chilichonse chimene mwaona mwa wodwala chilembeni pa fomu yochitira lipoti zovuta za mankhwala. Fomu imeneyo imatopetsa kulemba, koma ndi mmene mavuto akalewo anadziwikira.

Wodwala wagula jakisoni pa intaneti. Ndimudzudzule?

Mukamudzudzula adzangobisa. Mupempheni abweretse chobayiracho ndi bokosi lake. Mu 2023 anthu ena ku Austria anagonekedwa m'chipatala shuga atawagwera atabaya Ozempic wachinyengo, ndipo mu June 2024 WHO inachenjeza za semaglutide wachinyengo amene anapezeka ku Brazil, ku United Kingdom ndi ku America. Palinso timabotolo ta ufa tosakaniza wekha, tomwe anthu amalakwitsa nato mlingo kakhumi. Tiyi ndi makapisozi olembedwa kuti "zachilengedwe" nthawi zina amapezeka ndi sibutramine yemwe uja. Choopsa kuposa zonse ndi mankhwala a poizoni otchedwa DNP ogulitsidwa ngati ochepetsa thupi, amene amatenthetsa thupi mpaka munthu kufa ndipo alibe mankhwala omuletsa. Wobwera ndi thukuta lochuluka, thupi lotentha ndi mtima wothamanga atamwa mapiritsi ochepetsa thupi, muthamangitsireni ku chipinda cha odwala mwakayakaya.

Wodwala wanenepanso ndipo wasiya kubwera. Nditani?

Muimbireni. Ambiri amene amasowa ndi amene akuganiza kuti atikhumudwitsa, ndipo amadikira kuti achepe kaye ndiye abwere, tsiku limene silifika. Akabwera musayambe ndi sikelo. Pemphani chilolezo: "Kodi mungalole tikambeko za kulemera kwanu lero?" Sikelo ikhale pobisika, nambala isanenedwe mokweza pamaso pa anthu, ndipo pakhale mpando wopanda zotsamira m'mbali ndi chovala cha odwala chomukwana. Nenani kuti "munthu amene ali ndi vuto la kunenepa kwambiri", osati mayina amene amamva kale mumsewu.

Mayi wa ndolo uja anasowa miyezi inayi. Nditamuimbira anati mankhwala anamuthera, wabwezera makilogalamu asanu ndi awiri, ndipo sankafuna kuti ndimuone. Ndinamuuza kuti BP yake ndikufuna kuiyeza kaya wachepa kaya sanachepe. Anabwera Lachinayi lotsatira, ndipo dokotala anamuyambitsanso semaglutide pa 0.25 mg.